Ku Block H, Kumene Makompyuta Akale Akugwirabe Ntchito

Sitima yochokera pa siteshoni ya Euston mumzinda wa London imafika ku Bletchley ola lisanakwane. Ukatsika n'kuyenda mphindi zochepa, wafika pa chipata cha Bletchley Park, malo amene a Britain ankatulukirako zinsinsi za mauthenga a asilikali a Germany pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Alendo ambiri amathera pa chinyumba chachikulu cha pakati, pa dziwe, ndi pa tinyumba tamatabwa momwe Alan Turing ndi anzake ankagwiriramo ntchito. Ine ndinapitirira mpaka ku nyumba ina yaitali, yopanda nsanjika, yomwe ukaionera kunja sungaiyese kanthu. Dzina lake ndi Block H. Inamangidwa mu 1944 kuti muzikhala makina a Colossus, ndipo kuyambira mu 2007 ndi momwe muli The National Museum of Computing. Ngakhale ili pamalo amodzi ndi Bletchley Park, ndi bungwe loima palokha, lili ndi khomo lake ndi tikiti yake, ndipo ntchito yambiri imagwiridwa ndi anthu ongodzipereka.

Ukangolowa, fungo ndi lomwe limayamba kukulandira. Ndi fungo la fumbi lofunda, girisi ndi mawaya otentha, longa la m'kashopu ka wokonza mawailesi pamsika. Kenako phokoso: uku fani ikulira, uku zitsulo zikugogoda, uko pulinta ikumenya zilembo papepala. M'nyumba zambiri zosungiramo zinthu zakale, chinthu amachitsekera m'galasi n'kuikapo kachikwangwani, iwe n'kumangochiyang'ana chili zii. Kuno anasankha njira yovuta. Akufuna kuti makina aziyaka, azigwira ntchito yomwe anapangidwira, mlendo aone yekha mmene ankawerengera. N'chifukwa chake m'zipinda zambiri umapezamo munthu, kawirikawiri bambo kapena mayi wa imvi, atagwira chida m'manja kapena ataweramira pepala losonyeza mmene mawaya anayendera.

Choyamba kuona chinali Bombe, chikabati chachitsulo cholemera pafupifupi tani imodzi, kumaso kwake kuli timawilo 108 tamitundumitundu tondandalikidwa m'mizere. Turing ndi Gordon Welchman ndiwo anakonza nzeru yake, atapeza poyambira pa ntchito ya akatswiri a masamu a ku Poland, ndipo ntchito ya makinawa inali kufufuza mmene a Germany atcherera makina awo obisira mauthenga a Enigma tsiku limenelo. Pa nthawi ya nkhondo anapanga oposa 200. Omwe ali panowa anachita kumangidwanso ndi gulu lotsogozedwa ndi John Harper, ndipo anawasamutsira m'nyumba muno mu 2018. Akawayatsa, timawilo timazungulira mwaphokoso ndipo ana sachokapo msanga. Koma Bombe si kompyuta, choncho sindinachedwepo.

Nkhani yeniyeni ya nyumbayi imayambira m'chipinda momwe muli mawailesi akuluakulu a nthawi ya nkhondo, a mtundu womwe ankatcherera nawo mauthenga a adani ku Knockholt, m'dera la Kent. Hitler ndi akuluakulu a asilikali ake anali ndi makina awoawo obisira mauthenga, ovuta kuposa Enigma, opangidwa ndi kampani ya Lorenz, okhala ndi mawilo 12. A ku Bletchley anawapatsa dzina loti Tunny asanawaone n'komwe. Ndiye pa 30 August 1941, msilikali wina wa Germany anatumiza uthenga wa zilembo pafupifupi 4,000. Wolandira anati sunafike bwino, autumizenso. Mkuluyo anabweza mawilo pomwe anayambira poyamba paja, chinthu chomwe chinali choletsedwa ndithu, n'kuyamba kutayipanso, koma ulendo uno ankafupikitsa mawu ena. Mauthenga awiri osiyana pang'ono, obisidwa ndi kiyi imodzi: mpata unali womwewo. John Tiltman anawalekanitsa n'kupeza kiyiyo. Kenako mnyamata wa zaka 24, Bill Tutte, anakhala pansi ndi pepala ndi pensulo, kulemba zizindikiro m'mizere n'kumafufuza pomwe zikubwerezabwereza, mpaka iye ndi anzake anatulukira mmene makinawo analili mkati, kuchuluka kwa mawilo ndi mano a wilo lililonse. Makina a Lorenz enieniwo anadzawaona nkhondo ili kumapeto.

Koma kudziwa mmene makina alili n'kwina, kuwerenga uthenga wa lero usanagone n'kwinanso. Pamanja zinkatenga masabata, ndipo uthenga wankhondo ukagonera masabata ulibenso phindu. Katswiri wa masamu Max Newman anati ntchito yowerengetsera ipatsidwe kwa makina. Oyamba, otchedwa Heath Robinson, ankathamangitsa matepi awiri a pepala nthawi imodzi, ina ya uthenga, ina ya mano a mawilo. Matepiwo ankatanuka, kusemphana, mwinanso kuduka. Pamenepa ndi pomwe analowera Tommy Flowers, mwana wa mmisiri womanga nyumba wa kum'mawa kwa London, yemwe anali injiniya wa matelefoni ku Post Office ku Dollis Hill. Iye anati tepi yachiwiriyo ichoke, ntchito yake igwiridwe ndi mavalavu, timachubu tagalasi tija tinkakhala m'mawailesi akale. Akuluakulu anakayika. Aliyense ankadziwa kuti valavu sichedwa kupsa, nanga makina a mavalavu oposa 1,000 angathe tsiku? Flowers anali ataona kale ku ntchito yake ya matelefoni kuti chimene chimapha valavu ndi kuyatsa ndi kuzimitsa pafupipafupi. Ukaisiya yoyaka, imakhala nthawi yaitali.

Ukalowa m'chipinda cha Colossus, kutentha kumakumenya kumaso. Pali mizere iwiri ya mafelemu achitsulo otuwa, aatali kuposa munthu, odzaza ndi mavalavu omwe mkati mwake mukuoneka kamoto kofiirira. Chakumbali kuli felemu ina ya mawilo momwe tepi ya pepala, yomatidwa nsonga ndi nsonga kuti ikhale mkombero, ikuthamanga mosalekeza. Ndinayandikira kuti ndione timabowo take, koma sizinatheke: pa liwiro limenelo tepi imangooneka mbuu, chifukwa imadutsa pa diso la makinawo zilembo 5,000 pa sekondi, liwiro loposa makilomita 40 pa ola. Pepala wamba, koma osaduka. Patsogolo pali maswichi ndi mapulagi ambirimbiri, timagetsi tikuchita phethiphethi, ndipo pakapita kanthawi taipilaita yomwe ili pambali imadzidzimuka yokha n'kumenya manambala angapo, kenako n'kukhalanso chete.

Bambo wachikulire amene ankatilongosolera anatsindika kuti Colossus sankamasulira uthenga. Ntchito yake inali kuwerenga: kuyesa malo onse omwe mawilo a Lorenz akanayambira, n'kuwerenga kuti pa malo aliwonse zizindikiro zagwirizana kangati. Pomwe nambala yakwera kuposa mwa masiku onse, pamenepo ndiye pokayikitsa, ndipo anthu ankapitiriza pamanja kuchokera pomwepo. Analibenso pulogalamu yosungidwa mkati monga makompyuta a lero. Ukafuna kuti achite china, unkasintha maswichi ndi mapulagi, ndipo ambiri mwa ogwira ntchitoyi anali atsikana a gulu la asilikali apamadzi lotchedwa Wrens, omwe ankasinthana usana ndi usiku. Colossus woyamba, wa mavalavu 1,600, anayamba ntchito mu February 1944. Wachiwiri, wa mavalavu 2,400, anayamba pa 1 June 1944, kutangotsala masiku asanu kuti asilikali a Britain, America ndi anzawo atsikire ku Normandy. Pomwe nkhondo inkatha, makinawa analipo 10.

Chomwe chinachitika pambuyo pake chimandipweteka mtima. Boma linalamula kuti makinawo aphwasulidwe, chinsinsi chisatuluke. Awiri okha ndi omwe anatsala, n'kupita ku bungwe la akazitape la GCHQ, ndipo nawonso anadzaphwasulidwa cha m'ma 1960. Flowers anatenga mapulani ake n'kuwaponya yekha m'ng'anjo. Anapatsidwa mphoto ya mapaundi 1,000, yomwe sinakwane n'komwe kubweza ndalama za m'thumba mwake zomwe analowetsa pa ntchitoyi. Mu 1946 a ku America ataonetsa dziko kompyuta yawo ya ENIAC, iye ndi anzake anangokhala duu, pakuti analumbira kuti sadzaulula. Dziko linayamba kumva za Colossus m'zaka za m'ma 1970, ena mwa omwe anagwira ntchitoyo atakalamba, ena atamwalira mabanja awo osadziwa chomwe ankachita pa nkhondo.

Tsono Colossus amene ndinaima patsogolo pakeyu ndi wochita kumangidwanso. Anayambitsa ntchitoyi ndi Tony Sale kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo poyambira pake panali zithunzi 8 zojambulidwa mu 1945 ndi zidutswa za mapulani zomwe mainjiniya ena anasunga mobisa. Chinamuthandiza n'chakuti Flowers anamangira makina ake zipangizo wamba za matelefoni, ndipo pa nthawi yomwe Sale ankayamba, nyumba zakale zolumikizira mafoni ku Britain zinali kutsekedwa, zida zake zikutayidwa. Iye ndi anzake ankapita kukazitola. Anafunsanso mainjiniya omwe anali akadali moyo, ndipo Flowers mwiniwake anaona chigawo choyamba chikuyatsidwa mu 1996, zaka ziwiri asanamwalire. Ntchito inatha mu 2007, makinawo ataimikidwa pamalo enieni pomwe panali Colossus nambala 9. Mu November chaka chomwecho anachititsa mpikisano: uthenga wobisidwa ndi makina enieni a Lorenz unaulutsidwa pa wailesi kuchokera ku Germany. Anapambana ndi Mjeremani, Joachim Schüth, yemwe laputopu yake inapeza yankho m'masekondi 46. Colossus anatenga maola atatu ndi mphindi zingapo, koma yankho lake linali lolondola.

Komabe makina amene anandigwira mtima kwambiri si amenewa. Ali m'chipinda cha makompyuta a m'badwo woyamba, ndipo amadziwika ndi mayina awiri, Harwell Dekatron ndi WITCH. Awa sanachite kumangidwanso. Zitsulo zake, mawaya ake, mbali yaikulu ya zida zake ndi zomwezo zomwe Ted Cooke-Yarborough, Dick Barnes ndi Gurney Thomas anamangira ku Harwell, komwe kunali malo ofufuzira za mphamvu ya nyukiliya, ndipo anayamba kugwira ntchito mu 1951. Amalemera matani awiri ndi theka. Ali ndi ma relay 480, timaswichi toyendera maginito tomwe timalira khetekhete nthawi yonse imene makinawo akuwerenga, komanso machubu 828 otchedwa Dekatron.

Machubu amenewa ndi ofunika kuwaonera pafupi. Kumaso kwa chubu chilichonse kuli malo 10 ozungulira, ndipo kadontho ka moto wofiirira kamakhala pa malo amodzi. Kakakhala pa malo achitatu, chubucho chasunga 3. Makinawo akaphatikizapo 4, umakaona kadonthoko kakudumpha kanayi n'kukaima pa 7. Kakazungulira n'kudutsa pa 9, chubu choyandikana nacho chimasuntha kamodzi, monga momwe mwana wa sukulu amasungira 1 pophatikiza manambala. Ndiye ukaima patali pang'ono, khoma lonse likuoneka timadontho tamoto, ndipo timadontho timeneto ndiyo memore ya kompyutayo, manambala 90 a madijiti 8 iliyonse, onse poyera. Mayi amene ankayendetsa makinawo tsiku limenelo anawachedwetsa kuti tione sitepe iliyonse: tepi ya pepala yasuntha, lamulo lawerengedwa, ma relay alira, nambala yachoka uku yapita uko. Kompyuta ya m'thumba mwanu imachita zomwezi kambirimbiri pa sekondi, koma simungazione. Apa mwana wa pulayimale akhoza kulondola ndi chala n'kumvetsa.

Liwiro analibe. Kuchulukitsa manambala awiri kunkawatengera masekondi 5 mpaka 10. Katswiri wina wa masamu wa ku Harwell, Bart Fossey, anapikisana nawo ndi kamakina kake kowerengera ka patebulo, ndipo kwa theka la ola ankayendera limodzi. Kenako munthu anatopa, makina anapitirira. Phindu lawo linali pamenepo: sankatopa, sankalakwitsa, ndipo ankatha kuwasiya okha masiku angapo atawapatsa matepi okwanira, anthu n'kupita kutchuthi.

Mbiri ya mmene anapulumukira ndiyo yoti aliyense wosunga zinthu zakale aimve. Mu 1957 a ku Harwell anawapereka ku koleji ya ntchito zamanja ya ku Wolverhampton, komwe anaphunzitsira ophunzira mpaka 1973. Atachoka kumeneko anakaikidwa m'nyumba yosungiramo zinthu za sayansi ku Birmingham. Nyumbayo itatsekedwa mu 1997, makinawo anamasulidwa zidutswazidutswa n'kuikidwa mosungira katundu, ndipo anaiwalika. Mu 2008 Kevin Murrell, mmodzi wa oyang'anira nyumba ino, ankayang'ana chithunzi cha katundu wina, ndipo chakumbuyo kwa chithunzicho anaona kachigawo ka maswichi komwe anakazindikira, chifukwa ali mnyamata ankapita kukaona makinawo ku Birmingham. Anawabweretsa ku Bletchley mu 2009. Gulu lotsogozedwa ndi Delwyn Holroyd linatha zaka zitatu likupukuta, kuyesa chida chimodzichimodzi ndi kukonza mawaya ofooka, ndipo pa 20 November 2012 anawayatsanso, awiri mwa omwe anawapanga ali pomwepo. Lero amadziwika kuti ndi kompyuta yakale kuposa zonse padziko mwa zomwe zikugwirabe ntchito ndi zida zake zoyambirira. Taganizani: zonsezi zinadalira diso la munthu mmodzi amene anakumbukira chomwe anaona ali mwana.

M'chipinda chomwecho akumanganso EDSAC, kompyuta ya ku yunivesite ya Cambridge yomwe Maurice Wilkes ndi gulu lake anayendetsapo pulogalamu yoyamba pa 6 May 1949. Yoyambirirayo anaiphwasula itatha ntchito mu 1958, moti omanga atsopanowa amadalira zithunzi zakale, kuzikulitsa n'kumawerenga mavalavu pa shelefu iliyonse kuti alote kuti pamenepo pankachitika chiyani. Memore yake inali mipope yodzaza ndi mercury, momwe manambala ankazungulira ngati mafunde a phokoso. Masiku ano mercury wochuluka choncho saloledwa pamalo pofika anthu, ndiye m'malo mwake aikamo mawaya a nickel. Sabisa, amakuuza poyera kuti apa tasintha, ndipo chilungamo chimenecho ndinachikonda. Kuchokera pa EDSAC ndi pomwe kampani yogulitsa tiyi ndi makeke ya J. Lyons inatengera nzeru yomangira LEO, kompyuta yoyamba kugwira ntchito za muofesi, mu 1951.

Chipinda cha makina akuluakulu a m'makampani ndinachidutsa mofulumirirapo, ngakhale ndi chodzaza. Muli Elliott 803 ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, yomwe ili ndi sipika yolira molingana ndi zomwe kompyutayo ikuchita, moti woiyendetsa wozolowera ankadziwa ndi khutu kuti pulogalamu yasokonekera. Memore yake ndi timphete tating'onoting'ono ta maginito tolukidwa pa mawaya, ndipo m'mafakitale a nthawi imeneyo ntchito yoluka memore yotere inkagwiridwa pamanja, kawirikawiri ndi amayi. Muli ICL 2966 ya m'ma 1980, yomwe yokha yatenga malo aakulu a chipindacho, ndi makabati ake a madisiki ofika m'chiuno. Mpukutu umodzi wa madisiki, wonyamula ndi manja awiri, unkasunga zinthu zochepa kuposa kanema mmodzi wa pa foni.

Kenako umatulukira kwa makompyuta a m'nyumba, ndipo apa ndi pomwe alendo achingerezi a zaka za m'ma 50 amasanduka ana. Pali Commodore PET ya 1977, Sinclair ZX81 yokhala ndi memore ya 1 KB yokha, ZX Spectrum ya 1982 ya mabatani a labala, Commodore 64, ndi ena ambiri. Ambiri mwa makompyutawa ankalumikizidwa ku TV, ndipo pulogalamu inkachokera pa kaseti, kaseti yomweyo ya nyimbo, ukudikira mphindi zingapo ikulira tswii. Palinso kalasi yathunthu ya makompyuta a BBC Micro, omwe kampani ya Acorn ya ku Cambridge inatulutsa mu 1981 ndipo anafika m'masukulu ambiri a ku Britain. Onse ndi oyaka. Ana a sukulu amabwera kudzakhala pa mipando n'kulemba mapulogalamu a BASIC, ndipo ndinaona kamtsikana kena kakuitana mnzake kuti adzaone dzina lake likudzaza sikirini yonse. Kampani ya Acorn yomweyo, kudzera mwa Sophie Wilson ndi Steve Furber, ndiyo inapanga purosesa yoyamba ya ARM mu 1985. Foni yomwe mwagwira panopa, kaya muli ku Mzuzu, ku Chipata kapena ku Johannesburg, mwachidziwikire ikuyendera purosesa ya mtundu umenewo.

Kuti kalasi imeneyi ikhale yoyaka chonchi pali ntchito yosaoneka, ndipo ndinachita mwayi kupeza bambo wina atatsegula BBC Micro imodzi patebulo. Anandionetsa kapasita wamng'ono wachikasu wa m'chigawo cholandirira magetsi, khungu lake litachita ming'alu. Anafotokoza kuti makapasita a mtundu umenewo akakalamba amayamwa chinyezi, ndipo munthu akangotulutsa kompyuta m'katoni n'kuilumikiza ku magetsi, amaphulika, utsi wonunkha n'kudzaza nyumba. Choncho lamulo lawo loyamba n'lakuti makina amene akhala zaka osayaka sayatsidwa msanga. Amayamba awatsegula, kuyang'ana, kununkhiza, kuyeza chigawo cha magetsi pachokha, kenako n'kumakweza mphamvu pang'onopang'ono. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Mdani wachiwiri ndi batire laling'ono losunga nthawi lomwe limakhala pa bolodi ya makompyuta ambiri a m'ma 1980 ndi 1990. Likakhalitsa limadontha, madzi ake n'kudya tinjira ta kopa ta pa bolodi mpaka kusiya zobiriwira zokhazokha. Malamba a labala a m'madiraivu amasungunuka n'kusanduka phula. Madisiki a fulopi amachita chuku, ndipo ukawalowetsa m'diraivu osawapukuta umakanda zomwe zinalembedwamo.

Anandiphunzitsanso kuwerenga msinkhu wa makina. Pa chipu chilichonse, kupatula dzina lake, kawirikawiri pamakhala manambala anayi. Mukaona 8312, ndiye kuti chinapangidwa mu 1983, sabata ya 12. Mukawerenga machipu onse a pa bolodi, chomwe chili ndi deti la posachedwa kwambiri chimakuuzani nthawi yomwe kompyutayo inatuluka m'fakitale, ndipo mukapeza chimodzi chosiyana ndi anzake ndi zaka zingapo, dziwani kuti wina anakonzapo. Pa bolodi pamalembedwanso kuti ndi mtundu wachingati, pansi pa kompyuta pali nambala yake, ndipo nthawi zina pamapezeka sitika ya sukulu kapena ya kampani yomwe inali mwini wake. Sitika yotere saimatula. Kwa wogulitsa ndi litsiro, koma kwa wosunga mbiri ndi umboni wa komwe makinawo anayenda.

Apa pali mkangano womwe osunga makompyuta akale sanaumalize. Ena amati makina akayatsidwa amatha, ndipo chida chilichonse chomwe wasintha chachotsako kanthu ku chinthu choyambiriracho, choncho ndi bwino kuchisunga chozima. Ndikuwamva, ndipo pa makina omwe anatsala amodzi okha padziko mwina akunena zoona. Koma nditaona Dekatron ikuwerenga, ndili kumbali ya oyatsa. Kompyuta yozima imakuonetsa maonekedwe ake basi. Mmene inkalirira, nthawi yomwe inkatenga, mavuto omwe woiyendetsa ankakumana nawo, zonsezo zimadziwika ikamayenda, ndipo kuti iyende pamafunika munthu woidziwa, yemwe nayenso ayenera kuphunzitsa wina. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi imvi zomwe ndinaziona m'zipinda zija. Anthu omwe anaphunzira ntchito pa mavalavu ndi ma relay akutha, ndipo zambiri zomwe amadziwa sizinalembedwe paliponse.

Chisanathe chipinda cha makompyuta aang'ono pali chinthu china chophunzitsa kwambiri. Mu 1086, pa lamulo la mfumu William, a ku England analemba kaundula wa malo ndi chuma cha dziko lawo, buku lotchedwa Domesday Book. Mu 1986, pokumbukira kuti patha zaka 900, a BBC anakonza kaundula watsopano. Anthu oposa 1 miliyoni, ambiri mwa iwo ana a sukulu, analemba za midzi ndi matauni awo n'kutumiza zithunzi, ndipo zonsezo zinaikidwa pa madisiki awiri akuluakulu owerengedwa ndi kuwala kwa laser. Kuti uwawerenge pankafunika makina apadera odula kwambiri, omwe sanagulidwe ambiri. Pomafika chaka cha 2002, makina otha kuwerenga madisikiwo anali atatsala owerengeka, ndipo panafunika akatswiri a m'mayunivesite kuti apulumutse zomwe zinali m'menemo. Buku la 1086, lolembedwa ndi inki pa zikopa, likuwerengekabe ku Kew mpaka lero. Ku Block H asunga makina a Domesday omwe akugwira ntchito, ndipo popanda makina otere madisikiwo ndi mbale zonyezimira chabe.

Kwathu timadziwa kusunga zitsulo zakale tikafuna. Pabwalo la nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Chichiri mu Blantyre pali mitu ya sitima zoyendera nthunzi, ndipo ana a sukulu amapita kukaiona. Makompyuta oyamba omwe anawerengera malipiro a anthu, kusunga maakaunti a kubanki, kusanja zotsatira za mayeso ndi kutayipa nyuzi zathu nawonso ndi mbiri yathu, kungoti sitinazolowere kuwaona choncho. Akatha ntchito amaunjikidwa kuseri kwa ofesi, mvula n'kuwapeza, kapena amagulitsidwa pa kilo kwa ogula zitsulo.

Tsono inu amene muli ndi kiyi wa chipinda chosungira katundu kuntchito, kusukulu, kumishoni kapena kunyumba, kayang'anenimo. Mukapeza kompyuta yakale musathamangire kuilumikiza ku magetsi. Ichotseni pansi, muiike pouma ndi posafika dzuwa, ndipo pezani wodziwa kuti achotsemo batire lija. Mabuku ake, zingwe zake, madisiki ndi makaseti ake zikhale pamodzi, musamatule sitika iliyonse. Jambulani nambala yake. Ndipo ngati bambo kapena mayi amene ankaigwiritsa ntchito akadali moyo, pitani mukakhale nawo pansi, muwafunse kuti inabwera liti, inkagwira ntchito yanji, inkavuta pati, ndipo zomwe anene muzilembe papepala n'kuliika m'katoni momwemo.